Zingalu pa Dzenje Lachisanu

Ntchito yanga ndi kuuza anthu kuti aime:
kwezani chibwano, musaphethire,
mayi, kokani mpango khutu lioneke.
Zaka khumi ndi zinayi kuseri kwa msika wa Mangochi
ndikujambula nkhope za ziphaso,
nkhope zouma ngati zodikira chigamulo.

Anandinyengerera ndi Twaibu, mlamu wanga,
wothirira kapinga ku bwalo la gofu,
munthu wosunga mawu ngati ndalama.
Anati, "Kwabwera zingalu ziwiri pa dzenje lachisanu,
paja paipi imadontha.
Ufike mabwana asanadzuke."

Ndinanyamuka azana itangotha,
kamera m'jumbo, pa kabaza ya Ajilu
amene anandidula mtengo wa usiku.
Pageti mlonda anayang'ana nsapato zanga
nthawi yaitali kuposa nkhope yanga.

Kapinga wake!
Okutobala, mbuzi zikutafuna makatoni m'tauni,
kuno kubiriwira ngati bodza.
Ndinkaopa kupondapo.

Zinali apo, kuseri kwa mlambe,
miyendo ngati bango lopserera,
tsaya loyera, kansalu kofiira pakhosi,
pamutu udzu wagolide
woima njo, wosadziwa chipeso.
Zinkayenda ngati zilibe ngongole ndi munthu.

Ndinagwada. Mame analowa m'mawondo.
Pakamwa panapulumuka chizolowezi:
"Tayang'anani kuno!"
Twaibu anaseka mpaka kukhala pansi.

Chingalu sichimva zimenezo.
Chimatola chiwala, chimakanda m'phiko,
chimakupatsa msana
pomwe kuwala kwakhala bwino.
Ndinadikira, ine wosadikira kasitomala.
Linthumbu linapeza mwendo wanga,
ndinaluma mlomo osasuntha.

Kenaka china chinawerama,
chinatola kamtengo, kukaponya m'mwamba,
mapiko tambasu, kudumpha, kutera, kudumphanso,
chinzake n'kuvomera.
Gule wopanda ng'oma, wopanda woitanidwa.
Chala changa chinali pa batani
koma chinaiwala ntchito yake.
Chithunzi chimenecho ndilibe.
Musandifunse.

Mpira woyera unachokera kosaoneka,
unagwa phi, kugubuduka,
n'kuima pakati pa ziwirizo.
Chimodzi chinaupenya ndi diso ili,
kenaka ndi linalo,
ngati dzira limene sichikukumbukira
kuti chinaikira liti.
Apo ndiye ndinadina.

"Chokani pamenepo!"
Bambo wa kabudula woyera, ndodo m'mwamba,
kaya ankauza ine, kaya mbalame.
Zinathamanga mapazi atatu, anayi,
n'kunyamuka molemera,
zikulira ngati hutala ya lole yakale,
makosi kutsogolo, miyendo kutsalira,
kulunjika ku madambo a Malombe.

Tikutuluka, Twaibu anati,
"Pano panali dambo.
Bambo ankadzala mpunga pomwe pali mbendera paja.
Mbalamezi sizinauzidwe kuti malo anagulitsidwa."
Anatola jumbo langa, n'kuwonjeza:
"Lolemba andiuza ndikonze paipi ija."

Zithunzi makumi anayi ndi zitatu.
Zambiri ndi kapinga yekha.
China ndi phiko lodukira m'mphepete,
china ndi chala changa,
china miyendo iwiri yopanda mwini
ikutsanzika pamwamba pa mgwalangwa.
Chimodzi chokha ndinachapitsa chachikulu:
khosi lopindika ngati funso,
ndi dzira labodza lija pansi.

Ndinachikhoma pamwamba pa chitseko,
moyang'anana ndi nsalu yabuluu
pomwe anthu amakhala kuti ndiwajambule.
Tsopano sindinenanso za chibwano.
Munthu akachiona amadzutsa mutu yekha,
maso amafewa, amafuna kufunsa,
ndipo asanafunse
ndimadina.

Paipi anakonza Lolemba lomwelo.
Dzulo tinakumana pa mlatho,
iye pa njinga, ine wapansi.
Sanaime. Anangoti,
"Sindinamange kwambiri."