Mpando wa Kutsogolo

Zaka khumi ndi zinayi ndayenda msewu wa ku Mkanda
nditakhala kumbuyo, pakati pa matumba a mbewu ya mtedza,
bondo likugundana ndi jeke.
Kutsogolo kunkakhala alendo.
Ankasinthana ngati mbalame za dzinja,
uyu zaka ziwiri, uyo miyezi isanu ndi itatu,
aliyense ndi kope latsopano ndi funso lakalekale:
"Esinta, chuku chimalowa bwanji mu mtedza?"
Ndinkayankha. Ankalemba.
Lipoti likatuluka, yankho langa litavala dzina la wina,
ine ndili kumapeto, pamzere wothokoza,
pamodzi ndi a Jere oyendetsa galimoto
ndi hotela imene inatiphikira tiyi.

Ndisanamizire alendo okha.
Mlonda wathu pageti ankaperekera sawatcha khungu,
ine n'kundifunsa ngati ndasaina m'buku.
Pamsonkhano ku Kapiri, mpando wa khushoni
unkadziwa wokha kopita.
Ndipo ine, inde ineyo,
mawu ankandifewa ngati nthochi yakupsa polankhula nawo,
n'kuuma gwa ndikatembenukira alimi.

Marit anafika mu Okutobala, fumbi lili m'mano.
Sabata yachitatu anandipatsa bajeti kuti ndimasulire.
Lendi ya nyumba yake: mzere umodzi.
Malipiro a alangizi asanu ndi mmodzi: mzere wapansi pake,
wowonda kuposa wapamwambawo.
Ndinaika chala pamenepo, osachotsa.
"Ichi sindimasulira," ndinatero. "Chichewa chake palibe."
Makutu ake anafiira.
Sanapepese. Anati malamulo amachokera kulikulu.
Ndinati likulu lili ndi foni.

Tinaimba. Netiweki inaduka kawiri.
Mawu a kutsidya kwa nyanja anati ndalama ndi zawo.
Zoona, ndi zanu,
koma munda ndi wa a Nangondo, matuza ali m'manja mwa Lufeyo,
ndipo wodziwa tsiku lokumba mtedza usanamerere m'nthaka
sakhala kumene kumagwa chipale.
Pachikwangwani chanu munalemba kuti mutu umodzi susenza denga.
Dengali tasenza ndife.
Inu mwagwira kamera.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Sizinabwere zonse.
Cheke tsopano chimadikira masiginecha awiri.
Misonkhano imayamba m'Chichewa,
womasulira amakhala pambali pa Marit, kumunong'oneza,
ndipo waphunzira kulandira nthabwala mochedwa,
kuseka yekha ena atapukuta kale misozi.
Mzere wa nyumba yake udakali wonenepa.
Nthawi yokapereka lipoti kwawo
chitupa changa cha ulendo anachikana ku ofesi ya kazembe.
Anapita yekha, n'kukaimika foni patebulo
kuti ndilankhule ndili pansi pa mango ku Kamwendo,
mbuzi ikundithira ndemanga kumbuyo.

Dzulo tinauyambanso wa ku Mkanda.
Marit anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kundikodola.
Ndinakhala. Mpandowo ndi wofewa, ndisaname.
Msewu umaoneka wonse,
dzenje umaliona lisanakugwedeze chiwindi.

Tisanafike pakamlatho tinapeza a Nangondo akudikira,
thumba la mbewu pamutu, mapazi otupa,
zaka makumi asanu akulima mtedza.
A Jere anaimika galimoto. Sananene kanthu.
Anangondiyang'ana cham'mbali.
Ndinamva mpando ukundigwira msana ngati ulimbo,
ukundiuza kuti ndauvutikira,
kuti ndangokhalapo theka la ola.

Ndinatsika.

Kumbuyo, ine ndi Marit, jeke pakati pathu,
mitu ikugunda denga pa dzenje lililonse,
tinamva a Nangondo akuuza a Jere
kuti akhotere kumanzere pa mtengo wa mkuyu,
pali njira yachidule yosadutsa kudambo.
Inalipo zaka zonsezi.
Palibe anawafunsapo.