Ndisanamasule Kansalu

Basi yafika pa Kamwendo kusanayere,
yotsukidwa, yopakidwa, dzina la mwini wake lili pachipumi.
Amayi a bungwe andanda kale ndi zigubu za thobwa,
chitenje chimodzi tonsefe,
nthungululu zikuyabwa pakhosi.
Ndalama ya hayala ili m'kansalu, m'chiuno mwanga.
Sindinamasule.

A Yotamu, tazimitsani kaye wailesiyo.
Wogula ng'ombe ya ngolo amayang'ana ziboda,
nyanga amasiyira ana.
Tayala lakumbuyoli lameta mpala,
ndasisita ndi chala, mizere yake inatsalira m'misewu ya chaka chatha.
Lapadera lili kuti? Nanga jeke?
Tikaphulitsa pa mlatho wa Rusa
tidzainyamula ndi nyimbo?

Aseka.
Akuti amsungichuma asanduka apolisi apamsewu,
changotsala ndi chipewa choyera.

Ndakwera.
Chozimitsira moto chilipo, chofiira ngati phwetekere,
koma kasingano kake kagona chagada.
Bokosi la chithandizo choyamba ndatsegula:
supuni imodzi, malisiti a dizilo, mphemvu youma.
Malamba anawakankhira pansi pa mipando,
ena omangidwa mfundo ngati akasungira mbuzi.
Kanyundo koswera galasi kanapita kukakhoma misomali kwa kondakitala,
pangotsala chithunzi chake pa fumbi.
Ndipo chitseko chakumbuyo,
chija cholembedwa kuti potulukira pangozi,
achimanga ndi waya,
n'kutsamiritsapo matumba atatu a mtedza.

Mipando makumi atatu ndi iwiri.
Maina m'kope langa makumi anayi ndi limodzi.
Esinala akuti ana tiwafungata,
pakanjira tiikapo zigubu, ndife owonda,
ku Santhe si kutali, Mulungu alipo.
Alipo ndithu, Esinala.
Analiponso tsiku lija.

Gelevaziyo, mlongo wanga, anakwera yonga yomweyi
ndi anzake a mpira, ng'oma ili pamiyendo.
Anandibwereka ndalama ya chipisi pawindo.
Amene anafika msanga amati moto unayamba waung'ono,
woti n'kuuphimba ndi chipewa.
Amati chitseko chinali pomwepo.
Amati manja anali ambiri, mkati ndi kunja,
koma waya sadziwa kuti amene akugogodayo ndani.
Ndinamuzindikira ndi nsapato,
ndinali nditasoketsa ndine.

Izi sindinawauze.
Tsiku la ukwati salikonda maliro.
Ndangoti: dulani wayayo, mtedza upite pansi,
bweretsani tayala lina ndi chozimitsira chamoyo,
anthu asanu ndi anayi akwere minibasi,
yapamwambayo ndidulako ku ndalama ya sopo.
Apo ayi, kansaluka kabwerera kwathu.

Maola awiri.
Dzuwa lakwera, thobwa layamba kuwira m'zigubu.
A Yotamu akuyankhula pafoni atatembenukira uko,
mawu ena ndawamva, si a m'tchalitchi.
Mnyamata wafika pa kabaza atakumbatira tayala
ngati mwana wodwala.

Tanyamuka opanda nyimbo.
Lamba aliyense ndamumangitsa ndekha, mpando ndi mpando,
mayi Filesi akuti ndawathina ngati mtolo wa fodya.
Ndakhala kumbuyo kwa dalaivala,
diso langa pa singano ya liwiro,
foni yake ikalira ndimatsokomola.
Pa Kapiri wina wayambitsa kanyimbo,
kagwira mipando iwiri, kenaka basi yonse.

Tafika mpunga utazizira,
akwati atalowa kale, pelekanipelekani ali pakati.
Apongozi atiyang'ana ndi diso la kumbali.

Palibe chachitika panjira.
Palibe, ngakhale nkhuku.
Ndipo ndikudziwa, munthu sathokozedwa
chifukwa cha chinthu chimene sichinachitike.

Ndaima pakhomo la basi, kope m'manja,
ndikuchonga aliyense akamaponda pansi:
makumi atatu, ndi mmodzi, ndi awiri.
Onse ndi nsapato zawo kumapazi.

Ndamasula kansalu.