Mphindi Makumi Awiri za Mdima

Mai Tisauke anatuma mwana m'mamawa:
bwerani ku Kapata, makina aja ayambanso ulesi.
Ndinamanga chikwama pakeliyala,
chisanu cha Juni chikutsika ku Kanjala
n'kumandiluma zala pahandulo.

Ali pakona ya shopu yometera,
bokosi lalitali kundiposa,
mabatani ofiira atayera ndi zala za ana.
Ndinayatsa.
Mawu anabwera pompo:
ng'oma zake, mfuu ya omenyana,
zibakera zikugwa mumdima.
Galasi lili bii.

"Tsiku lililonse n'choncho," anatero mai.
"Mwana aponya ndalama, amenyedwa osaona womumenya,
kenako andigwira chitenje kuti ndibweze."

Ndinayang'ana wotchi.
Mphindi zisanu, kautsi kobiriwira.
Khumi, anthu oyenda m'nkhungu ya kudambo.
Pa makumi awiri m'pamene nkhope zinatuluka,
mtundu wofiira ukulowa pomalizira
ngati wangongole pamaliro.

Ndinazula pulagi, n'kutsegula kumbuyo.
Fumbi la zaka, chisa cha mavu chouma,
kandalama kakale kamene sikagulanso kanthu.
Chubu chimasunga mkwiyo ngakhale chitagona,
ndiye dzanja limodzi m'thumba,
waya kuchitsulo,
sikuludiraiva pansi pa mphira:
thwa!
Penjani, amene amasuzumira paphewa panga,
ndinamupeza ali kutsidya kwa msewu.

Pakhosi pa chubu pamakhala kamoto.
Kayenera kuyaka ngati khala lopemereredwa,
koma aka kanali kofooka, kakusinza.
Mita inati asanu osakwana
pamene pafunika asanu ndi limodzi ndi kapamwamba.
Ndinavala magalasi anga a mwendo umodzi,
ndinatsata njira ya mkuwa ndi chikhadabo
mpaka ndinapeza mng'alu wozungulira phazi la waya,
wochepa kuposa tsitsi limene mai amasesa.
Ndinasungunula mtovu, ndinatseka.
Makapasita awiri otupa ngati nkhupakupa
ndinawazula, n'kuika a m'wailesi yakanema yakufa
imene mwini wake sanabwere kudzaitenga.

Pali kachitsulo kopotokola kowonjezera kuwala.
Ndinakayesa pang'ono.
Galasi linayera mbuu, mizere yopingasa ili ndandanda,
kuwala kwabodza, kwa munthu wodwala wodzola mafuta.
Ndinakabwezera pamalo pake.

Tinayatsanso. Mphindi zinayi.
"Nanga zinayizo?" anafunsa mai.
Zimenezo si za waya, mai, n'za ukalamba.
Ndingathe kuchikwapula ndi magetsi chubuchi,
chiwale ngati chatsopano mpaka mvula yoyamba,
kenako chizime osadzukanso.
Muziyatsa musanayambe kusesa.
Mukamafika pakhomo ndi tsache, chadzuka.

Ndikupukuta galasi nditazimitsa,
tochi inagunda chammbali
ndipo ndinaona zimene zaka zinawotcherapo:
pamwamba, zilembo zitatu zotuwa, LKN,
ndi manambala amene palibe anawapitirira.

"Makinawa munawagula kuti?"
"Kuholo yakale ija, pafupi ndi siteshoni ya basi."

Ndinadziwa.
Lekani ankaba chenji cha mafuta a nyale,
ine n'kumuimira pakhomo kuyang'ana ngati atate akubwera.
Anakwera lole ya fodya chaka cha njala,
kalata imodzi yochokera ku Kitwe, basi.
Ndamufunsa kwa madiraiva, kwa alaliki oyendayenda.
Kani dzina lake lili pano nthawi yonseyi,
kuseri kwa anthu ometedwa,
likupsa pang'onopang'ono pagalasi.

Mai anawerenga ndalama zanga.
Ndinabweza imodzi yachitsulo, ndinaiponya m'kabowo.
Penjani anabwerera, anaima pambali panga,
mphuno ikutuluka madzi ndi chisanu.
Ng'oma zinayamba. Galasi lili bii.
"Afa kale munthu wanu," anatero.
Ndinati dikira, mwana iwe,
usagwire batani,
ayamba kuoneka.