Chimbale cha ku Joni

Mu kontena yanga ku Chibavi
muli makanema atatu, mabenchi awiri
ndi fungo la majuzi onyowa a mu Juni.
Anyamata amalipira mphindi khumi khumi
kuti zala zawo zimwetse zigoli
zimene miyendo yawo sidzamwetsa.

Zimbale zanga zonse n'zowotcha.
Ndimazigula kuseri kwa msika wa Taifa
kwa Yotamu wa diso limodzi lofiira,
amene amalemba dzina la gemu ndi inki yakuda
n'kuphonya ndi kalembedwe komwe.
Zina zimayenda ngati Lunyangwa m'dzinja.
Zina zimauma pakati pa masewero:
wosewera mwendo uli m'mwamba,
mpira uli lende pakamwa pa golo,
ana akukuwa, bwezani ndalama, bwezani!
Ndimachitulutsa, kuchiuzira mpweya,
kuchipukuta ndi malaya ngati mwana wa chimfine.

Chaka chatha ndinati nanenso ndikhale munthu.
Miyezi inayi osayandikira chiwaya.
Ndinatuma mlamu wanga wa ku Joni
andigulire chenicheni, cha m'bokosi, chomata pulasitiki.
Chinabwera pa basi, chokulungidwa m'bulangete.
Ndinasamba m'manja ndisanachigwire.

Chinandifunsa nambala. Ndinalemba.
Chinandifunsa intaneti. Ndinagula bandulo.
Chinati dikirani kaye,
ndikusoka zigamba zimene anandisiya nazo kufakitale.
Bandulo inatha chisanafike theka.
Ndinagula ina. Magetsi anazima.
Atayaka chinati sindikukudziwani,
kodi mwini wake ndinu?
Ine, lisiti lili m'thumba!

Loko ameneyu anapangira Yotamu,
koma Yotamu analowera pawindo kalekale.
Amene waima pakhomo mvula ikumukwapula
ndine wogula, kiyi ali m'manja.
M'mawa mwake ndinapita ku Taifa.
Gemu yomweyo, mtengo wa mandasi asanu,
yosafunsa dzina, yosafunsa mudzi.
Ndinaseka mpaka kutsokomola.

Ndikanaithera pomwepa nkhaniyi
pakadapanda Vinjeru,
mtsikana wa ku Luwinga wophunzira za makompyuta,
amene kwa zaka ziwiri sanagone tulo tokwanira
akupanga gemu yakeyake ya pafoni:
njinga ya sakaramento ikukwera chitunda cha Katoto,
kuzemba maenje, agalu ndi nkhungu,
kasitomala wonenepa ali pakaliyala.
Sanaike loko.
Anati n'zotchipa, anthu akwathu adzalipira.

Loweruka analowa mu kontena kuthawa mvula.
Anapeza ana asanu aunjikana pafoni imodzi
akupalasa njinga yake,
wina akufuula, pinda, pinda, dzenje ilo!
Nkhope yake inayamba yawala.
Kenako anafunsa, mwaitenga kuti?
Onse analoza ine.
Ndinali nditawathirira dzulo lake,
handiredi kwacha mutu umodzi,
kuchokera pa kadi la Yotamu.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.
Anangoti, imeneyo ndi yakale,
imauma mukafika pamphambano ya ku Mchengautuwa.
Ndinaikonza, koma yokonzayo palibe waigula.
Anaima kumbuyo kwa anawo,
manja m'matumba a jekete,
kuonerera mpaka njinga inaumadi,
gudumu lakutsogolo lili m'malere,
kasitomala pakamwa pali yasa.
Ana anatembenukira kwa ine mwachizolowezi:
bwezani ndalama.

Mvula itakata anatuluka osatsanzika.
Ndinafuna kumuthamangira,
koma ndikanamuuza kuti chiyani?
Kuti nanenso lendi yandigwira pakhosi?
Kuti nanenso ndinayesapo kugula chenicheni?

Bokosi la ku Joni likadali pashelefu,
lonyezimira, lodzaza fumbi pamwamba.
Timapepala tisanu ta handiredi tija
ndinatiika m'kati mwake.
Sindinatibweze kwa ana,
sindinatipereke kwa Vinjeru,
ndipo Lolemba Yotamu watumiza uthenga
kuti kwabwera mpira wa chaka chino.