Woyendetsa Basi wa ku Puerto Natales

"Imani! Imani pang'ono!" akufuula kumbuyoku,
ndipo ine Eulogio Barría, zaka makumi atatu pachiwongolero,
ndaponda buleki chifukwa cha phiri.
Lomwe lija la dzulo, la dzana.

Atsika ndi makamera, tsitsi lili nyankhalala,
akuseka mphepo ikawakankha.
Mphepo imeneyi inasasula denga la mayi anga kawiri.
Inaumitsa nkhosa makumi asanu usiku umodzi
chaka chimene Nelda anakwera basi ya ku Santiago
osacheuka.

Iwo akuti chipale chikunyezimira.
Ine ndikuona matcheni a matayala,
mtengo wa nkhuni, chifuwa cha mdzukulu.

Mtsikana wa ku Korea wagula kanyumba pafupi ndi doko.
Akuti kuno kuli bata.
Bata limenelo ife timalitcha ulova.
Akuti thambo ndi lalikulu.
Eya, koma dokotala wa mtima ali maola atatu kuchokera pano.

Diso nalo limabuntha
ngati lumo lometera nkhosa.

Lero bambo wina wandipatsira foni:
"Tatijambulani."
Ndasuzumira m'kagalasi,
phiri lija lachepa, lafiira kunsonga,
ngati la dziko la eni,
lopanda ngongole,
lopanda manda a bambo anga m'tsinde mwake.

Chala chinachedwa kudina.
Anaganiza kuti sindidziwa foni.

Ndaliza hutala.
Tatsalira ndi mphindi khumi,
ndipo buledi wa sitolo ya Doña Ermelinda
akuuma m'buti.