Dzina la Usiku

Pa Kamwendo ankanditcha Getsi,
dzina lovala ndi kuvula ngati wigi.
Mayi anga ankadziwa Esinta yekha,
wogulitsa zitenje kuboda.

Ndinkavina pathebulo la pulu,
mikanda ikulira m'chiuno,
a mathiraki akuponya makwacha a mayiko awiri.
Fizi ya Lonjezo inkachokera pamenepo.

Kenako kunabwera aphungu, galimoto yopanda nambala,
chipewa chofika pamphuno.
Anati ndivine nyimbo atazimitsa.
Foni ya wina inali maso pawindo.

Kutacha, nkhope yanga inali m'thumba la aliyense.
Yawo inatuluka mbuu, ati mdima.

Lamulungu anakhala kutsogolo m'tchalitchi,
akazi awo atawagwira dzanja.
Anapereka matumba makumi awiri a simenti,
kwaya inaimba.
Ine alandilodi anandiponyera katundu panja,
mbaula ndi nsapato imodzi.

Atolankhani akufunsa chipani chimene chinandituma.
Inandituma ndi njala, bambo,
ilibe nsalu ya chipani.

Lero ndikuswa mtedza kwa azakhali ku Kapiri.
Wailesi ikuti awakhululukira.
Chiuno changa, chosamva,
chikugwedezekabe pang'ono
nyimbo ikayamba.