Chithunzi cha ku Randburg

Lamulungu lija,
nditatha kutsuka galimoto ya abwana,
ndinavula ovolosi, n'kutsamira chitseko chake,
Fanuwelo n'kundijambula.
Pofika madzulo chithunzicho chinali kwathu kwa Kasiya,
mlongo wanga akuchionetsa pamjigo.

Usiku womwewo ndinamunena Chikaonda,
msungichuma wa bungwe lathu la maliro,
amene amalira mokweza kuposa namfedwa
pamene mtembo wa Lusiyano ukugonabe mufiriji ku Hillbrow
sabata yachitatu,
ndalama ya bokosi itasanduka nsapato zosongoka.
Ndinamunena mpaka kukhosi kuuma.

Ndinanenanso mayi aja a ku Yeoville
ogulitsa utaka wa chaka chatha
akulumbira kuti watsika dzulo m'basi.
Onsewa ndinawayeza pasikelo yanga,
chala changa chikukanikiza mbale.

Lero foni yalira ndili pamzere wa teksi ku Bree.
Mphwanga wasiya sukulu.
Akuti mbuzi zagulitsidwa, njinga yapita,
akubwera ku Joni wopanda pasipoti
kuti adzayendetse nawo galimoto ija.

Ndayang'ana manja angawa, ong'aluka ndi sopo.
Kuchipinda timagona asanu,
nsalu yakutha ndiyo khoma.
Mwanayu ndidzamugoneka pati,
m'chithunzi?

Mawa ndivala ovolosi yomwe ija,
yong'ambika pabondo,
chidebe kumanja, chiguduli kumanzere.
Fanuwelo, ubwere ndi foni yako.
Usandiuze kuti ndimwetulire.
Ujambule ndi chidebe chomwe,
mwana uja asanakwere basi.